Cover letter yoperekeza pepala lanu ku journal: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene amabwerabwera kuchokera kwa anthu amene amaliza kafukufuku wa masters kapena PhD, enanso ogwira ntchito m'zipatala ndi m'mapulojekiti, pepala lapsa asupavaiza avomera ndiye afika pa peji ija ya Editorial Manager kapena ScholarOne pomwe kompyuta ikuti ikani cover letter, iwo n'kuima mutu. Zitsanzo zambiri pano ndi za zaumoyo poti kumeneko malamulo ake ndi olembedwa poyera, koma a zaulimi, zamaphunziro ndi zachuma zambirizi zikukukhudzaninso. Kalata yeniyeniyo mulemba m'Chingerezi, pano tikungokambirana zoti muikemo ndi zoti musiye.

Kodi kalata imeneyi amaiwerengadi kapena ndi mwambo chabe?

Zimatengera journal. Ena saifuna n'komwe, mafunso onse anawaika pa fomu ya pa intaneti inu mumangochonga basi. Koma kwambiri munthu woyamba kugwira pepala lanu si reviewer ayi, ndi mkonzi, ndipo ntchito yake yoyamba ndi kusankha kuti pepalali lipite kwa ma reviewer kapena libwerere kwa mwini wake pompo, zija anthu amati desk rejection. Munthuyo ali ndi mulu wa mapepala, nthawi zambiri ndi pulofesa amene alinso ndi makalasi ake ndi ana asukulu ake omuvutitsa, ukonziwo amapanga madzulo atatopa kale. Ndiye kalatayi ndi malo okhawo amene mukulankhula ndi iyeyo maso ndi maso, ma reviewer kawirikawiri saiona. Kalata yabwino singapulumutse kafukufuku wofooka, zimenezo iwalani, koma yolembedwa mosasamala imatha kubwezetsa pepala labwinobwino, makamaka ikalephera kuonetsa kuti pepalalo ndi la journal imeneyo.

Ndiilembe ngati kalata yofunsira ntchito ija?

Ayi chonde. Apa ndi pomwe ambiri amaphonyera, chifukwa kalata imene inatilowa m'mutu ku sekondale ndi ija yoyamba ndi "I humbly write" n'kuthera polonjeza kuti mukanditenga ndidzalimbikira. Mkonzi sakukulembani ntchito ndipo inu simukupempha chifundo. Zoti munavutika kupeza ndalama ya thiransipoti yopitira kumudzi kukafunsa anthu, zoti digiri yanu situluka pepalali likapanda kusindikizidwa, mwina ndi zoona ndithu koma sizilowa m'kalatamu. CV osaikamo. Ganizani za munthu amene waperekeza mlendo kwa amfumu, amangoti uyu ndi uje, wachokera kwakuti, wadzera nkhani yakuti ndipo ine ndikumudziwa alibe mlandu kumene akuchokerako, akatero amakhala pansi mlendoyo n'kudzilankhulira yekha. Ulemu ukhalepo, koma ulemu wa anthu a ntchito imodzi, osati wogwada.

Ndikulembera ndani, ndipo ndimutchule bwanji?

Pitani pa webusaiti ya journal muone dzina la mkonzi wamkulu, ndipo muone lero lomwe chifukwa akonzi amasintha, osadalira kope la zaka zitatu zapitazo limene lili mu laputopu mwanu. Mukalipeza lembani "Dear Dr" kapena "Dear Professor" ndi dzina la bambo lokha. Ngati akonzi alipo ambiri simukudziwa amene agwire pepala lanu, "Dear Editor" ndiyokwanira. "Dear Sir" isiyeni, akonzi ambiri ndi azimayi ndipo palibe chifukwa choyambira ndi kumulakwira munthu pa mzere woyamba. Dzinalo likoperani monga lalembedwera, osalilemba m'mene likumvekera.

Ndiye m'katimo ndiikemo chani kwenikweni?

Ndime yoyamba ikhale yaifupi: mutu wa pepala, mtundu wake ngati ndi original research, systematic review, case report kapena short communication, ndi dzina la journal. Mtunduwo mutchule ndi mawu amene journal imeneyo imagwiritsa ntchito poti ena amati research article ena original article, ndipo uliwonse uli ndi malire ake a mawu.

Ndime yachiwiri ndiye mtima wa kalata. Funso linali chani, munapanga bwanji, mwapeza chani. Apa anthu ambiri amabisa zimene apeza ngati ndi chinsinsi, amangoti kafukufukuyu ndi wofunika kwambiri, atseka gap mu literature, athandiza opanga mfundo. Mawu amenewo mkonzi wawawerenga kale m'makalata khumi tsiku lomwelo ndipo samuuza kalikonse. Tiyerekeze munafufuza za klorini wa m'madzi akumwa nthawi ya kolera. M'malo moti "tinafufuza zinthu zokhudza kugwiritsa ntchito klorini", nenani kuti tinayendera mabanja akutiakuti m'midzi ya m'mbali mwa nyanja miyezi yakuti, ambiri analandira klorini koma titayeza madzi a m'ndowa zawo ochepa okha ndi amene anali naye wokwanira, ndipo chifukwa chachikulu chimene anthu anatchula ndi chakuti. Muike manambala anu enieni awiri kapena atatu. Munthu akawerenga zoterozo wadziwa kale kuti atumize kwa reviewer wotani.

Ndime yachitatu, chifukwa chani journal imeneyi osati ina. Yachinayi ndi zolumbira zija tikambe pansipa. Kenako dzina lanu, komwe mumagwira ntchito, imelo, mwamaliza.

Bwanji ndingokopera abstract n'kuiphatika pamenepo?

Abstract ali nayo kale, ili pa peji lotsatira. Akaona kuti kalata ndi abstract yomweyo amangodumpha, mwataya mwayi wanu. Komanso ziwirizi zimagwira ntchito zosiyana, abstract imalembedwera akatswiri a nkhaniyo pomwe mkonzi akhoza kukhala wa nthambi ina, inu mukulemba za likodzo iye ndi wa matenda a mtima. Ndiye mufotokoze ngati mukuuza mnzanu wophunzira bwino koma wa dipatimenti ina, zidule za mawu zichepe, ndipo munene chinthu chimene abstract siloledwa kunena, monga kuti pepalali likutsutsana kapena likupitiriza pamene pepala lina la mu journal yomweyo linalekezera.

Kafukufuku wanga ndi wa boma limodzi lokha, mwina chipatala chimodzi. Ndinganene bwanji kuti journal yakunja ikuyenera kusamala?

Funso ili ndi limene limavuta zenizeni ndipo anthu amalakwitsa mbali ziwiri. Ena amadzichepetsa mpaka kupepesa kuti kafukufukuyu ndi wa ku Malawi kokha. Ena amakokomeza, "woyamba mu Africa muno", "sizinachitikepo", chonsecho mkonzi akangofufuza mphindi imodzi pa PubMed, malo ofufuzira mapepala a zaumoyo pa intaneti, apeza asanu a ku Zambia ndi Tanzania. Ngati mukufuna kunena kuti ndinu oyamba, fufuzani kaye mokwanira ndipo munene mochepetsa, kuti m'mene tafufuzira ife sitinapeze wina.

Komanso kungoti "izi sizinafufuzidwepo ku Malawi" pakokha si chifukwa champhamvu. Mkonzi wa ku London kapena San Francisco funso lake ndi loti owerenga a ku Nepal kapena Mozambique aphunzirapo chani. Yankho lake limakhala m'chimene chikupangitsa malo anuwo kukhala phunziro. Taonani nkhani ya Option B+. Mu 2011 Malawi inayamba kupereka ma ARV kwa moyo wonse kwa amayi onse oyembekezera ndi oyamwitsa amene ali ndi HIV osadikira kuyeza CD4, chifukwa makina oyezerawo m'zipatala zambiri za kumudzi kunalibe. Linali yankho la vuto lathu lomwe, koma maiko ena ambiri anali ndi vuto lomwelo ndipo pofika 2013 WHO inaika njirayi m'malangizo ake. Chimodzimodzi katemera wa malungo wa RTS,S, Malawi ndi imene inayamba kumupereka mu Epulo 2019 pa ndondomeko yoyeserera limodzi ndi Ghana ndi Kenya, ndiye chilichonse chimene chinaoneka kuno maiko ena ankafuna kuchimva. Mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 unapitirira ngakhale nyengo yopanda mvula, kenako namondwe Freddy anabwera pamwamba pake mu Malichi 2023, amene akufufuza za nyengo ndi matenda kulikonse padziko ali ndi chidwi ndi zimenezo. Ndiye m'kalatamo musangoti "ku Malawi", nenani mkhalidwe wake: chipatala chaching'ono chopanda labotale, dera losefukira madzi chaka ndi chaka, alimi a minda yaing'ono odalira mvula. Amene ali mu mkhalidwe womwewo ndiwo owerenga anu.

Koma tinenenso chilungamo, mapepala ena kwawo ndi konkuno. Ngati zimene mwapeza zikufunika kwambiri kwa a DHO ndi a unduna, Malawi Medical Journal, imene imatuluka kudzera ku KUHeS ndi Medical Association of Malawi, imapezeka pa PubMed ndi pa AJOL, webusaiti ya ma journal a mu Africa, ndipo si journal yonyozeka. Kumeneko mfundo yoti ndi za ku Malawi ndiye mphamvu yanu.

Journal iliyonse imafuna kumva zofanana?

Ayi, n'chifukwa chake peji la Instructions for Authors muliwerenge musanalembe liwu ndi limodzi lomwe. PLOS ONE mwachitsanzo, kuyambira pomwe inayamba mu 2006 imaweruza pepala poona ngati kafukufuku anachitika molondola, osati ngati zotsatira zake ndi zogwedeza dziko, ndiye kuwalembera ndime yonse yodzitama kuti izi ndi zatsopano ndi kutaya nthawi, auzeni za njira zanu ndi kumene data yanu ikupezeka. Pomwe The Lancet Global Health kapena Nature amakana mapepala ambiri asanafike n'komwe kwa ma reviewer, kumeneko funso loti "ndiye zisintha chani" ndi limene likutsegulireni chitseko. Tsegulani makope a journal ya chaka chino ndi chatha, ngati mulibe pepala ngakhale limodzi lofanana ndi lanu, vuto si kalata, mwalakwitsa khomo.

Italike bwanji?

Peji limodzi. PLOS ONE imachita kunena choncho poyera. Ikafika peji lachiwiri ndiye kuti mwayamba kubwereza za m'pepala.

Zolumbira zija ndi ziti?

Kuti pepalali silinasindikizidwepo kwina ndipo silili m'manja mwa journal ina panopa. Kuti olemba onse aliwerenga ndipo avomera kuti litumizidwe. Amene anapereka ndalama ya kafukufuku ndi ndani, ndipo ngali analowererapo pa kapangidwe kapena kalembedwe kake munene. Ngati pali conflict of interest, monga mmodzi mwa inu amalandira ndalama ku kampani yopanga mankhwala kapena mbewu imene mukuiyesayo, kapena amagwira ntchito ku bungwe lomwe pulojekiti yake mukuiunika, nenani. Ngati palibe nenaninso kuti palibe, osangokhala chete.

Anthu amazitenga ngati mawu ongokopera pa template koma awa ndi mawu amene adzakugwireni. Pepala likadzapezeka ndi vuto chaka chamawa, mkonzi amabwerera ku kalata yomweyi kuona kuti munanena chani, ndipo ma journal ambiri amatsatira ndondomeko za COPE, bungwe loona za chilungamo pa zosindikiza lomwe linayamba mu 1997, zomwe zimafika mpaka polembera yunivesite yanu. Kukhala ndi conflict of interest si mlandu, mlandu ndi kubisa.

Ma journal amachedwa kuyankha. Nditumize kuwiri nthawi imodzi, amene ayambe kuvomera ndi yemweyo?

Osayerekeza. Mwalumbira kale m'kalatamo kuti silili kwina. Komanso akatswiri a nkhani imodzi sachuluka, makamaka nkhani za chigawo chathu chino, ndiye sizachilendo kuti reviewer mmodzi alandire pepala lomwelo kuchokera ku ma journal awiri sabata imodzi. Zikatero onse awiri amalikana ndipo dzina lanu laipa, la asupavaiza anunso. Ngati mwatopa kudikira lembani kalata yochotsa pepalalo, mudikire akuyankheni kuti lachotsedwa, kenako muzipita kwina.

Za ethics nditchulemo?

Eya, ngati munagwira anthu, data ya odwala kapena nyama. Tchulani komiti imene inavomereza ndi nambala ya chilolezo, kaya ndi COMREC, NHSRC, UNIMAREC, kapena NCRSH ya pansi pa NCST kwa a social science. Ngati mnzanu wa ku yunivesite yakunja anatenganso chilolezo kwawo, zonse ziwiri zilembedwe, chakunja chokha sichikwanira pa kafukufuku wochitikira kuno. Nambala ya m'kalata ifanane ndi ya m'pepala, zimachitika kuti pena palembedwa ina pena ina chifukwa chokopera ku pulojekiti yakale.

Ngati ndi clinical trial muikenso nambala ya kaundula, ya PACTR kapena ClinicalTrials.gov. Lamulo la ICMJE, komiti ya akonzi a ma journal a zaumoyo, kuyambira 2005 ndi loti trial ilembetsedwe munthu woyamba asanalowe kapena pomwe akulowa, ndiye ngati munalembetsa mochedwa musadikire kuti azindikire okha, fotokozani m'kalatamo chimene chinachitika. Ngati komiti inati kafukufuku wanu safunika consent poti munagwiritsa ntchito mafayilo akale, nenani kuti komitiyo ndi imene inalola, osati inu munangoganiza. Ndipo ngati mwatsatira malangizo a kalembedwe ka lipoti la kafukufuku monga STROBE, CONSORT, PRISMA kapena COREQ, mzere umodzi wonena kuti checklist yake mwaiphatikiza ndi wokwanira.

Pepalali lachokera mu thesis yanga, ndipo ndinakalankhulako ku conference. Ndiye kuti linasindikizidwa kale?

Kwa ma journal ambiri ayi. Thesis imene ili mu laibulale kapena mu repository ya yunivesite, poster, abstract ya ku research dissemination conference, izi sizitengedwa ngati kusindikiza. Koma munene m'kalatamo, chifukwa pepala likalowa amaliyendetsa mu pulogalamu yofufuza mawu ofanana ngati iThenticate, ikapeza kuti ndime zambiri zikufanana ndi chinthu china pa intaneti mkonzi amene simunamuuze amayamba kukukayikirani, pomwe amene munamuuza amangoti ndi thesis yake ija. Preprint, kope limene munaliika pa intaneti lisanaunikidwe ndi ma reviewer, nayonso chimodzimodzi, kaya ili pa medRxiv, bioRxiv kapena AfricArXiv, perekani DOI yake, nambala yoipezera pa intaneti.

Chimene chimavuta ndi data imodzi kutulutsamo mapepala angapo. Sikulakwa ngati mafunso ake ndi osiyana, koma ngati muli ndi pepala lina lochokera pa anthu omwewo limene latuluka kale kapena lili ku journal ina, litchuleni, munene kusiyana kwake, mwinanso mutumize kope lake. Mkonzi aweruze yekha.

Asupavaiza akuti dzina la abwana a dipatimenti lilowe ngakhale sanapange kanthu. Ndipo asayine kalata ndani?

Kalata amasayina corresponding author, amene azilandira maimelo onse mpaka pepala litatuluka ngakhale pambuyo pake. Akhoza kukhala inuyo wophunzira, palibe lamulo loti akhale pulofesa. Chofunika akhale munthu woyankha maimelo, ndipo ngati imelo yanu ya kusukulu itsekedwe mukamaliza maphunziro ganiziranitu. Tsegulaninso ORCID, ndi yaulere, nambala ya manambala 16 imene imakusiyanitsani ndi a Banda ndi a Phiri ena onse amene akulembanso mapepala.

Za abwanazo, ICMJE ili ndi zinthu zinayi ndipo munthu akwanitse zonse: anathandiza kwenikweni pokonza kafukufuku kapena kutolera, kusanthula kapena kutanthauzira data, analemba nawo kapena kuunika pepalalo mozama, wavomereza kope lomaliza, ndipo wavomera kudzayankha pakadzabuka mafunso. Kupereka galimoto, kusayina kalata yololeza kulowa m'chipatala kapena kungokhala mkulu wa dipatimenti, malo ake ndi ku acknowledgements. Tikudziwa kuti wophunzira kuwauza akuluakulu zimenezi si zophweka, njira yofewa ndi kuwatumizira fomu ya journal yofunsa kuti aliyense anachita chani n'kuwapempha kuti alembe okha mbali yawo, kapena kuwapatsa pepalalo nthawi ikadalipo kuti aliunikedi. Mbali inayo iliponso, anthu amene anagwira ntchito yeniyeni kumudzi ndi mu labotale n'kusiyidwa, mayina n'kukhala a akunja okhaokha. Ma journal ena monga a PLOS ndi BMJ Global Health masiku ano amafunsa za m'mene ofufuza a m'dziko momwe munachitikira kafukufuku anatengera mbali. Nkhani ya mayina ithe musanatumize, kusintha pambuyo pake kumafuna kuti aliyense asayine ndipo akonzi amafunsa chifukwa.

Akuti nditchule ma reviewer. Ndingatchule anzanga?

Tchulani anthu odziwa nkhaniyo amene simunalembe nawo pepala zaka zaposachedwa, osati a dipatimenti yanu, osati asupavaiza anu akale. Malo abwino owapeza ndi mu reference list yanu yomwe. Atatu kapena anayi, ndipo ndi bwino kusakaniza, wina wa chigawo chino wodziwa m'mene zinthu zilili kuno wina wakutali. Perekani imelo ya kuntchito kwawo osati Gmail ngati n'kotheka. Chifukwa chake n'choti panachitika chinyengo chachikulu, anthu ankapereka dzina la katswiri weniweni koma imelo yabodza yomwe ankaiyankha okha, mu 2017 Springer inachotsa mapepala 107 a journal ya Tumor Biology pa nkhani yomweyi, kuyambira pamenepo akonzi amakayikira. Dziwaninso kuti mkonzi sakakamizidwa kutenga amene mwatchula.

Mukhozanso kutchula amene simukufuna kuti aone pepala lanu, mmodzi kapena awiri, ndi chifukwa chachifupi chaulemu monga kuti akupanga kafukufuku wopikisana ndi wanu. Mbiri ya mkangano wanu musailembe.

Ndalama ya APC ndilibe. Ndipemphe m'kalata momwemu kuti andikhululukire?

Onani kaye malamulo awo. APC, ndalama imene wolemba amalipira kuti pepala lisindikizidwe mu ma journal a open access amene aliyense amawerenga mwaulere, imafika madola masauzande awiri, atatu kapena kuposa, ndipo chichokereni kugwa kwa kwacha kwa 44% mu Novembala 2023 ndalama imeneyo munthu wamba sangaitulutse m'thumba. Mwayi ulipo, Malawi ili m'gulu la maiko osauka pa mndandanda wa World Bank komanso mu Group A ya Research4Life, ndondomeko yothandiza ofufuza a m'maiko osauka, ndiye osindikiza ambiri amachotsa ndalamayo ngati corresponding author ali kuno. Koma njira yopemphera imasiyana. PLOS ONE imanena kuti pempho limeneli lisalowe mu cover letter, lili ndi malo ake pa fomu, cholinga n'choti woweruza pepala asadziwe ngati mulipira kapena ayi. Springer Nature, kuphatikizapo ma journal a BMC, imafuna kuti mupemphe nthawi yotumiza pepala, mukadikira kuti alivomere kaye mwachedwa. Ndiye musadine submit mothamanga pa peji la zolipira, werengani. Ndipo ngati corresponding author mwaika mnzanu wa ku UK kapena America, mwayi wochotseredwa ndalama uja mwina simuupeza, kambiranani zimenezi poyamba.

Ndinagwiritsa ntchito ChatGPT pokonza Chingerezi. Ndinene?

Nenani. Kuyambira 2023 malangizo a ICMJE amati amene wagwiritsa ntchito zida za AI afotokoze m'mene anazigwiritsira ntchito, mu cover letter komanso m'pepala momwemo, ndipo chidacho sichingalembedwe ngati author poti sichingayankhe mlandu. Osindikiza ena safuna kuuzidwa ngati munangokonzetsa galamala, ena amafuna, ndiye onani kwawoko. Chachikulu n'choti zonse zili m'pepalamo mwini wake ndi inu, ma reference makamaka muwatsegule limodzi limodzi chifukwa zida zimenezi zimapeka mapepala oti kulibe. Kalatayonso mukailembetsa yonse ku ChatGPT imatuluka yosalala koma yopanda kanthu, yodzaza mawu okometsera omwe tanena kuti akonzi anatopa nawo aja.

Andikana. Kalata yomweyi ingagwire ku journal yachiwiri?

Zolumbira zingakhale zomwezo, zinazo lembaninso. Choyamba sinthani dzina la journal ndi la mkonzi, zikumveka zoseketsa koma makalata opita ku journal ina atanyamula dzina la journal imene yakana amafika kwa akonzi kawirikawiri, ndipo amaulula mbiri yonse. Onaninso dzina la fayilo. Ndime ija yonena chifukwa chosankhira journal ilembedwe mwatsopano, mtundu wa pepala ndi kuchuluka kwa mawu zigwirizane ndi malamulo atsopano. Simukakamizidwa kunena kuti kwina anakukanani pokhapokha atafunsa kapena ngati pepalalo likusamutsidwa pakati pa ma journal a kampani imodzi, pamenepo ndemanga za ma reviewer zimatha kupita nalo limodzi. Ngati munalandira ndemanga konzani kaye musanatumize kwina, reviewer yemwe uja akhoza kulilandiranso.

Nanga akati major revision, ndilembanso cover letter?

Eya koma yaifupi kwambiri, nambala ya manuscript, kuthokoza, zazikulu ziwiri zitatu zimene mwasintha. Ntchito yeniyeni ili mu fayilo ina ya response to reviewers momwe mumayankha ndemanga iliyonse payokha n'kuonetsa peji ndi mzere pomwe mwasintha. Simukuyenera kuvomera chilichonse, ngati reviewer walakwitsa kapena akupempha zosatheka, monga kuti mubwerere kukayeza zinthu kwa anthu amene munawafunsa zaka ziwiri zapitazo, yankhani mwaulemu ndi umboni n'kuziika pa limitations. Ngati pali nkhani imene simukufuna ma reviewer aione, mwachitsanzo wina akukukakamizani kutchula mapepala ake ambirimbiri osagwirizana ndi nkhani yanu, imeneyo ndiye ya mu cover letter poti imapita kwa mkonzi yekha. Tsiku limene akupatsani likakuchepera pemphani kuti awonjezere lisanakwane, ambiri amalola.

Journal ina yandilembera yokha imelo, akuti safuna cover letter ndipo asindikiza m'masiku ochepa. Ndipite?

Chenjerani nayo. Imelo yokutamandani kwambiri, yokutchulani pulofesa muli wophunzira, journal yake yosindikiza chilichonse kuyambira zaulimi mpaka za mano, kulonjeza peer review ya sabata imodzi, zimenezo ndi zizindikiro za ma predatory journal, amangofuna ndalama yanu. Fufuzani dzina lake pa DOAJ, pa AJOL ngati ndi ya mu Africa, pa Scopus kapena mu NLM Catalog, osangokhulupirira zizindikiro zimene aika pa webusaiti yawo, ndipo dzinalo muliwerenge bwino poti amakonda kutengera la journal yodziwika n'kusintha liwu limodzi. Webusaiti ya Think. Check. Submit. ili ndi mafunso othandiza, a ku laibulale ya yunivesite yanu nawonso amazidziwa bwino izi. Pepala likalowa kumeneko kulichotsa n'kovuta, journal yeniyeni siingalilandirenso poti latuluka kale, ndipo makomiti okweza anthu pantchito m'mayunivesite ambiri saliwerengera.

Ndatumiza, papita nthawi ali zii. Ndiwakumbutse liti?

Yang'anani kaye status pa akaunti yanu. Ikakhala pa "with editor" kupitirira mwezi, kapena "under review" kupitirira miyezi itatu osasuntha, kapena nthawi imene journal inalonjeza pa webusaiti yake yadutsa, lembani imelo yaifupi ku ofesi ya journal, muike nambala ya manuscript pa mutu wa imeloyo ndi tsiku limene munatumiza, n'kufunsa kuti zili pati. Nthawi zambiri chimachedwetsa ndi kusowa kwa ma reviewer, anthu amakana kapena kungokhala osayankha, ndiye mu imelo yomweyo mukhoza kuwonjezera mayina ena awiri a anthu amene angaunike pepalalo. Alembe ndi corresponding author yekha, osati aliyense payekhapayekha, ndipo mukalemba dikirani masabata awiri kapena atatu musanalembenso.